Mlandu wa Thonje la mu Juni

Ndinasaina nawo, ndisaname.
Pepala linayenda khomo ndi khomo mumsewu wathu
wotsetserekera ku mtsinje wa Tisza,
Dezső wokonza njinga atalipinda m'thumba la jekete.
Dzina langa linali lachisanu ndi chiwiri,
Piroska, zilembo zitakhota
chifukwa ndinayetsemula ndili mkati molemba.

Woimbidwa mlandu anali chiimire pamalo pake,
popula wakuda, wopendekeka
ngati munthu womvetsera za m'nyumba ya eni,
khungwa ming'alu yokhayokha,
thunthu lotupatupa ngati maondo a nyamakazi.
Chigumula chinabwera kanayi ine ndikuona,
chinakokolola mipanda, chinatenga nkhumba ya a Vilmos,
iye n'kungosamba miyendo.

Koma Juni akafika, ankakhuthula thonje.
Thonje m'ngalande, thonje pa zovala zoyanika,
m'supu, m'tsitsi la ana, pa magalasi a wansembe,
msewu wonse mbuu
ngati dzinja la chipale labwerera kudzatenga chimene linaiwala.
Ine maso psuu, mphuno ngati mpopi wothyoka,
usiku kukhosi kukuyabwa posafika chala.
Tinati wolakwa ndi ameneyu, tamuona ndi maso athu.

Macheka anafika Lachiwiri m'mawa.
Pofika masana thambo linali litakula.

Ambrus kalipentala anagula thunthulo.
Ankalisisita akulankhula yekha:
thabwa loyera, lopepuka, silithetheka ukalikhomera msomali,
bambo anga ankaliyala pansi pafupi ndi ng'anjo
poti siligwira moto msanga.
Anasemapo zokandiramo buledi ziwiri,
zotsala anakhoma mabokosi a mapichesi.
Ndinagula chokandiramo chimodzi. Sindikudziwa chifukwa chake.
Jolán wa njuchi ndiye anasiya kundipatsa moni,
akuti njuchi zake zinkatapa utomoni pa mphukira za mtengowo
n'kumamatira ming'alu ya ming'oma.

Juni wotsatira kunalibe thonje.
Msewu woyera, zovala zoyera,
ine maso psuu, chimodzimodzi.

Ku Szolnok dokotala anandidonthezera timadzi pamkono,
mizere iwiri, n'kubaya pang'ono paliponse.
Tinadikira. Panatupa pamodzi pokha.
Udzu, mayi, anatero akulemba.
Thonje lija ndi njere za mtengo waukazi, si mungu.
Limangouluka masiku omwe udzu wa m'dambo ukufuka mungu wake,
ndiye diso limagwira chimene likuona.
Mungu wa popula umachokera ku mtengo wamphongo,
mu Malichi, masamba asanatuluke.
Alipo amene umawawenga. Inu ayi.

Ndinakwera basi mkono ukuyabwa.
Zodya udzu zinapota popula.

Wamphongoyo alipo mpaka lero, kuseri kwa sukulu.
Malichi aliyense amagwetsa ngayaye zofiira
zonga mbozi zonenepa, ana n'kumaopsezana nazo,
fumbi lake losaoneka likulowa m'mawindo a kalasi.
Mphunzitsi wa masamu amayetsemula mwezi wonse
n'kumati ndi chimfine cha kusintha kwa nyengo.
Palibe anayendapo ndi pepala.

Chitsa chija ndinkachilambalala,
kudzera njira yaitali ya kutchalitchi.
Tsiku lina mvula inandikakamiza kudutsa pomwepo.
Chinali chitaphuka. Mphukira makumi awiri kapena kuposa,
timasamba ta nsonga tikunjenjemera
ngakhale mphepo inali itagona.

Ndinadula imodzi ndi mpeni wosendera mbatata,
yotalika ngati mkono wanga,
n'kukaizika m'matope kunsi kwa khoma lotchinga madzi.
Ambrus akuti mtengo umenewu sufuna kuupembedza,
ukaubaya pansi ponyowa wagwira basi.
Akutinso udzakhala waukazi ngati make.
Zaka khumi zikadzatha, mwina khumi ndi ziwiri,
thonje lidzabwerera m'supu.

Dezső sindinamuuze.
Ndimapita madzulo ndi ndowa, mapiritsi m'thumba,
kudutsa m'udzu wofika m'chiuno,
ndikuyetsemula njira yonse.